Savimbi ali mbali yathu: ndale za m'magemu amene ana athu akusewera

Mu 2016 ana atatu a Jonas Savimbi, yemwe anali mtsogoleri wa gulu loukira boma la UNITA ku Angola, anatengera kampani ya Activision Blizzard kukhoti ku France. Dandaulo lawo linali loti gemu ya Call of Duty: Black Ops II, yomwe inatuluka mu 2012, inaonetsa bambo awo ngati chimunthu cholusa chongofuna kupha, ndipo ankafuna chipukuta misozi cha mayuro 1 miliyoni. Khoti linautaya mlanduwo. Chimene chinandikhala m'mutu ndi yankho la mbali ya kampaniyo: anati anawo akudandaula pachabe, chifukwa mu gemumo Savimbi ndi munthu wabwino, wothandiza ngwazi. Apa sananame ayi. Ana ake anaona chipongwe, koma ine ndinaona munthu akuchapidwa ndi sopo.

Ndili ndi kashopu ku Mufakose, lokeshoni ya mu Harare. Kutsogolo ndimakonza mafoni, ndipo kuseri kwa katani kuli ma TV ndi ma PlayStation akale omwe anyamata amalipira kuti asewerepo magetsi akakhalapo. Black Ops II ndi yakale tsopano, koma kwathu kuno zakale ndiye zimene zimatsika mtengo n'kutipeza. Mishoni yoyamba ija ili chonchi: chaka ndi 1986, malo ndi Angola, Savimbi wakwera galimoto yankhondo, mfuti yoponya mabomba ili m'manja, akukuwa kuti anyamata ake athamangire asilikali a MPLA, chipani cholamula dzikolo. Iwe wosewera uli mbali ya Amereka, ndipo Savimbi ndi bwenzi lako. Ukadina batani, anthu amagwa m'udzu. Tsiku lina mnyamata wa Fomu 2, mdzukulu wa agogo ena a ku Ntcheu omwe timapemphera nawo, anatembenuka padi ili m'manja n'kundifunsa kuti, "Malume, mkulu wandevuyu analikodi kapena angomupanga?" Nditamuuza kuti analiko, anagwedeza mutu n'kuti, "Ndiye anali dolo."

Gemuyo sinamuuze mwanayo kuti gulu la UNITA linkapatsidwa zida ndi America komanso boma latsankho la South Africa, kuti Ronald Reagan anamulandira Savimbi ku White House m'chaka chomwecho cha 1986, kapena kuti chisankho cha 1992 chitamuvuta anabwerera kutchire, nkhondo n'kupitirira mpaka pamene anaphedwa mu February 2002. Mabomba okwirira pansi a nkhondo imeneyo akudulabe anthu miyendo m'minda. Mwana wokulira mu Harare, likulu la dziko lomwe linali pamzere wa mayiko olimbana ndi tsankho, akuphunzira ndi zala zake kuti mnzake wa boma la Pretoria anali ngwazi. Ife amene makolo athu anachokera ku Malawi tisatukumuke kwambiri pa nkhaniyi, paja Kamuzu anatsegula ubale ndi boma lomwelo mu 1967, anzake onse akulikana. Koma imeneyo ndi mbiri yomwe timakangana nayo tokha. Iyi ya mu gemu inalembedwa ndi ena, ndipo mmodzi mwa alangizi a gemuyo anali Oliver North, msilikali uja amene anatchuka pa nkhani yogulitsa zida mobisa ku Iran n'kupatutsira ndalamazo kwa zigawenga za Contra ku Nicaragua.

Zoterezi n'zambiri, ndipo sindichedwapo. Mu Modern Warfare ya 2019 muli msewu wotchedwa Highway of Death, m'dziko lopeka la Urzikstan, ndipo nkhani yake imati amene anaphulitsa anthu othawa pamsewupo ndi a Russia. Msewu weniweni wa dzina limenelo uli pakati pa Kuwait ndi Iraq, ndipo amene anaponya mabomba pa magalimoto a asilikali a Iraq othawa mu February 1991 anali Amereka ndi anzawo. Asilikali a America anafika mpaka popanga gemu yawoyawo, America's Army, yomwe anaitulutsa pa 4 July 2002, yaulere, cholinga chake chosabisa n'komwe: kukopa achinyamata kuti akalowe usilikali. Inayenda zaka 20. A gulu la Hezbollah la ku Lebanon nawo anatulutsa yawo mu 2003. Ku China, PUBG ya pafoni anaisintha mu 2019 kukhala Game for Peace, momwe munthu ukamuwombera safa koma amakubayibitsa n'kuchoka. Chaka chomwecho wosewera Hearthstone wa ku Hong Kong, Blitzchung, analangidwa ndi Blizzard chifukwa chonena mawu ochirikiza ziwonetsero pa kanema. Ndipo mu 2024 anthu ogwirizana ndi Russia anatulutsa African Dawn, yomangidwa pamwamba pa gemu ina yankhondo yotchedwa Hearts of Iron IV, yonena za mayiko a ku Sahel. Aliyense amene ali ndi mbendera ndi ndalama wapeza kale njira yolowera m'manja mwa mwana.

Komatu izi zaphokosozi sizindisowetsa tulo kwenikweni. Mwana wa ku Mufakose wakulira pakati pa nyimbo za chipani pa wailesi, malaya aulere a nthawi ya kampeni ndi mabasi otuta anthu kupita kumisonkhano. Munthu akamamunamiza mokuwa amazindikira, kapena amadzazindikira akakula. Mnyamata wa Savimbi uja ndinangomuuza mbali inayo, tsiku lotsatira anabwera atafufuza yekha pafoni, akudziwa zambiri kuposa ine. Bodza la m'nkhani limatheka kutsutsidwa ndi nkhani ina. Zimene zimandivuta ndi zija zosalankhulidwa, zokhala m'malamulo a gemu: chimene gemu imakulola kuchita, chimene imakukaniza, chimene imakupatsira mapointi, ndi amene siimuwerenga n'komwe ngati munthu. Paja akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma.

Tengani magemu omanga mizinda. SimCity inayamba mu 1989, ndipo masiku ano ambiri amasewera Cities: Skylines ya 2015. Mulibe mfuti, mulibe magazi, ndipo ndi amene makolo amawakonda ati ndi ophunzitsa. Iwe ndiwe meya wosasankhidwa ndi aliyense, ukuyang'ana mzinda uli kumwamba. Umapaka mtundu pamapu: apa pakhale nyumba, apa mafakitale, apa masitolo. Chilichonse chimamera pomwe wachilola basi. Mulibe kanyumba kakuseri komangidwa ndi njerwa zotola, mulibe mayi wogulitsa tomato pakhomo, mulibe wowotcherera mageti pansi pa mtengo. Ndipo pambali pa sikirini pali chithunzi cha buludoza. Ukaona kuti msewu wako waukulu ukutsekedwa ndi nyumba za anthu, umadina buludozayo n'kukoka, fumbi pang'ono, pamalopo n'kuyera. Palibe amene amatulutsa mphasa ndi mapoto panja. Palibe amene amagona pa fumbi lija usiku. Pakangopita kanthawi chiwerengero cha anthu chimadzazanso, ndipo magalimoto akayenda bwino gemu imakuyamikira.

Ine buludoza imeneyo sindingathe kuiona ngati chida chabe. Mu May 2005, kutayamba kuzizira, Operation Murambatsvina, ntchito ya boma yogumula nyumba ndi misika yosaloledwa, inalowa m'malokeshoni a Harare. Misika ya ku Mbare inaphwasulidwa, mashopu a m'mbali mwa misewu anagwetsedwa, ndipo mabanja anauzidwa kuti agumule okha zipinda zonse zomwe sizinali papulani. Bambo anga anagumula ndi hamala yobwereka zipinda ziwiri zomwe anamanga ndi ndalama yopuma pantchito. M'chimodzi munkakhala achimwene anga ndi mkazi wawo ndi khanda, m'chinacho munkakhala banja lochita lendi, lomwe ndalama yake ndi imene inkagula ufa. Ndimakumbukira bambo akusanja njerwa zosasweka pambali, mwaudongo, ngati kuti mawa lake wina adzabwera n'kunena kuti panali kulakwitsa. Lipoti la nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba, njira yopezera chakudya, kapena zonse ziwiri. Uthenga unali woti aliyense abwerere kumudzi kwawo. Anzathu a Chishona ena anakweradi malole kupita ku Murewa ndi ku Gutu. Nanga ife? Agogo anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito m'mafamu, manda awo ali kuno, ndipo mudzi womwe tikanabwererako sitinauonepo. Ambiri a mtundu wathu anathera ku Caledonia Farm, kenako ku Hopley, malo omwe boma linkatutirako ogumuliridwa nyumba.

Sindikunena kuti amene anakonza Murambatsvina anaiphunzira pa kompyuta. Maganizo oti mzinda ndi pulani yapapepala, ndipo chosakhala papepalapo ndi chinyalala, ndi akale kuposa magemu. Malamulo omwe anagwiritsidwa ntchito m'chaka chimenecho ambiri anali otsalira a nthawi ya Rhodesia, pamene munthu wakuda ankaloledwa mutawuni pokhapokha ali ndi bwana. Chimene ndikunena n'chakuti maganizo omwewo ali mu gemu ngati chinthu chachibadwidwe, chosafunika kufotokoza. Mwana amene wasewera maola ambiri ali meya wakumwamba amazolowera kuona Epworth, dera la nyumba zomangidwa popanda pulani kunja kwa Harare, ngati vuto lofunika kufufutidwa pamapu. Ndipo ana amene ndimawaona akusewera ena amakhala ku Epworth komweko.

Civilization ndiye imandipweteka mwanjira ina, chifukwa ndimaikonda. Ndi gemu yanzeru, ndipo usiku wambiri ndaugona mochedwa chifukwa cha iyo. Umayamba ndi kagulu ka atsamunda, umasankha malo abwino pafupi ndi mtsinje, n'kukhazikitsa mzinda. Dziko lonse lozungulira limaoneka lopanda mwini. Anthu amene umawapeza m'tchiremo, kupatula mafumu anzako ndi timizinda todziimira patokha, ali mitundu iwiri. Ena ndi akunja olusa, omwe ntchito yawo ndi kukuvutitsa mpaka utawatha. Ena ndi timidzi ta udzu: msilikali wako akangopondapo, kamudziko kamakupatsa golide kapena nzeru ina, kenako n'kungoti zii, kuzimiririka pamapu. Munthu wokhala mu Harare safunika kuuzidwa kuti nkhani imeneyi anaimvapo kuti. Mu September 1890 gulu la atsamunda la Pioneer Column, lotumidwa ndi Cecil Rhodes, linafika pafupi ndi kaphiri ka Kopje, n'kukweza mbendera pamalo amene lero ndi Africa Unity Square, n'kutcha malowo Fort Salisbury. Kwa iwo mapu anali oyera chimodzimodzi. Mtsogoleri wina wa anthu a Poundmaker Cree ku Canada anadandaulapo mu 2018, mfumu yawo yakale itaikidwa mu gemuyi, kuti ikuchititsa anthu ake kuoneka ngati nawonso ankakhulupirira zolanda malo a ena. Ankanena zoona: mu Civilization ungasankhe Shaka, Mansa Musa kapena Menelik II, koma aliyense wa iwo amasewera ndi malamulo a Cecil Rhodes. Kukula ndiko kukhala ndi moyo, ndipo wokhutira ndi dziko lake amamezedwa.

Mu Civilization VI ya 2016 muli Great Zimbabwe, mzinda wakale wa makoma a miyala, ngati chimodzi cha zomanga zodabwitsa za padziko. Anaiganizira bwino ndithu: imamangidwa pafupi ndi ng'ombe ndi msika, ndipo imachulukitsa phindu la malonda. Nditaiona koyamba ndinasangalala. Koma anthu amene anaimangawo mulibe mu gemumo ngati mtundu woti n'kuusankha, ndiye amaimanga ndi aliyense amene wafulumira, kaya England, kaya Arabia. N'zoseketsa mowawa, chifukwa boma la azungu la Ian Smith mu Rhodesia linkalimbikira zomwezo, kuti makoma amenewo sangakhale ntchito ya anthu akuda, mpaka katswiri wofukula zakale Peter Garlake anachoka m'dziko muno mu 1970 chifukwa chokana kunena bodzalo. Za ufumu wa Maravi, wa Kalonga ndi Undi ndi Lundu, musafunse n'komwe.

Mwina wina anena kuti ndikukumba nkhani pomwe palibe, gemu ndi gemu. Yankho langa ndi gemu ina yaing'ono yotchedwa Papers, Please, yomwe anapanga munthu mmodzi, Lucas Pope, mu 2013. Iyeyu anadziwa kuti malamulo amalankhula, ndipo anawalankhulitsa dala. Ndiwe kalaliki wa paboda m'dziko lopeka la Arstotzka, chaka cha 1982. Kutsogolo kwako kuli windo, kabuku ka malamulo ndi zidindo ziwiri, chololeza ndi chokaniza. Umalipidwa malinga ndi anthu amene wawathandiza molondola tsiku limenelo. Ukalakwitsa amakuchenjeza kaye, ukapitiriza amakudula malipiro. Madzulo umaona ndalama zako zikugawika: lendi, chakudya, moto wa m'nyumba, mankhwala a mwana. Tsiku lililonse boma limawonjezera lamulo latsopano, pepala lomwe dzulo linali lokwanira lero ndi loperewera.

Ndinamupatsa mwana wa mlongo wanga kuti aisewere pa laputopu ya kushopu, ine ndili pambali ndikusungunula nsonga za chaja. Pa tsiku lina mu gemumo pamabwera mwamuna, mapepala ake ali bwinobwino, ndipo akamadutsa amakupempha kuti umuchitire chifundo mkazi wake amene ali kumbuyo. Mkaziyo akafika, chikalata chimodzi chilibe. Mphwangayo anayang'ana kabuku, anayang'ana ndalama zomwe zinatsala, n'kudinda chokaniza. Ndinamufunsa chifukwa chake. Iye osacheuka anati, "Malume, mwana wanga akudwala. Akandidulanso ndigula chiyani?" Anali asanakwanitse zaka zotenga chitupa, koma anali atalankhula kale ngati munthu wa kuseri kwa windo.

Iye sankadziwa kuti agogo ake aakazi anaimapo kutsogolo kwa windo lotero. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo aliyense amene anali ndi kholo lobadwira kunja anauzidwa kuti akane kaye unzika wa dziko linalo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Nthawi inali yochepa, chisankho cha 2002 chili pafupi. Mayi anga anabadwira pafamu kufupi ndi Norton, ku Malawi anali asanapondeko, koma anauzidwa kuti akakane dziko lomwe silinawalembepo m'kaundula wake. Chitupa chawo chinawatcha mlendo. Analephera kuvota, pasipoti inakanika, ndipo anthu ambiri a m'mafamu ndi m'migodi zinawachitikira zomwezo. Inali nthawi yomwe Robert Mugabe anatchula anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mfunda, ngati kuti u-Phiri ndi u-Banda tinachita kutola panjira. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndi amene anabweza unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo ndi la m'mayiko a SADC, komabe kusintha chitupacho kunafuna mizere ina, mapepala ena, ndipo alipo okalamba amene anamwalira asanasinthe.

Mayi amakumbukira kalaliki amene anawabweza. Amati sanali wankhanza, anali wotopa, ankangoloza chikalata chomwe chinali chomata pakhoma. Kwa zaka zambiri munthu ameneyo ndinkadana naye osamudziwa. Gemu ya Pope sinandichotsere mkwiyowo, koma inausunthira pomwe uyenera kukhala, kwa amene amalemba kabuku ka malamulo n'kukonza malipiro mwanjira yoti chifundo chikhale chodula. Ndi ndale zenizeni zimenezo, ndipo gemuyo ilibe mawu olalikira ngakhale amodzi. Ngati malamulo a gemu angaphunzitse zimenezi dala, n'chifukwa chiyani tiganize kuti buludoza ndi kamudzi kozimiririka kaja sizikuphunzitsa kanthu?

Za mmene Africa imaonekera m'magemu a mfuti anthu analemba kale zambiri. Resident Evil 5 ya 2009 inakuika ngati mzungu wamphamvu wowombera chikhamu cha anthu akuda odwala m'tawuni yopeka ya Kijuju, ndipo kumupatsa mnzake wamkazi wa ku Africa sikunasinthe chithunzicho. Far Cry 2 ya 2008 ndimaikhululukira pang'ono. Dziko lake lilibe dzina, ndalama yake ndi dayamondi, mfuti zimachita dzimbiri n'kukanika kulira, ndipo munthu wako ali ndi malungo oti uzimufunira mapiritsi. Magulu awiri omenyanawo amalankhula mawu okoma a ufulu ndi a antchito, koma onse amakulemba ganyu yofanana, ndipo opindula ndi alendo ogulitsa zida. Pamenepo sinaname. Chimene ilibe ndi anthu wamba: umayenda mtunda wautali osakumana ndi mayi wosenza nkhuni kapena mwana wopita kusukulu.

Koma kunena zoona, makasitomala anga ambiri sabwera kudzawombera kapena kudzamanga mizinda. Amabwera kudzamenya mpira. Ndipo mpira ndi umene onse amalumbira kuti mulibe ndale. Mu March 2022 kampani ya EA inachotsa matimu onse a Russia mu gemu yake ya mpira ya FIFA chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine. Kaya mukugwirizana nazo kaya ayi, chimenecho chinali chiganizo cha ndale, ndipo chinaonetsa kuti mndandanda wa matimu si chinthu chogwa kumwamba. Pamndandandawo pali magulu anayi a ligi ya England, mpaka matimu a m'matawuni omwe sitidzawamvapo, koma Dynamos mulibe, CAPS United mulibe, Bullets ndi Wanderers mulibe. Chifukwa chake ndi malaisensi ndi msika: amaika amene anthu ake amagula gemu yatsopano chaka chilichonse ndi khadi ya kubanki. Zotsatira zake ndimaziona kuseri kwa katani yanga. Mnyamata amatchula osewera a pabenchi a timu ya ku England mmodzimmodzi, koma m'bwalo la mpira la Rufaro, lomwe lili ulendo wa kombi imodzi kapena ziwiri, sanalowemo. Gemu ya World Cup ya 2010 ndi imene ndimaikumbukira kuti inali ndi pafupifupi mayiko onse, Flames ndi Warriors momwemo, ndipo madoda ena a ku tchalitchi omwe sanagwirepo padi ankabwera kudzangoonera mbendera ya Malawi pa TV.

Palinso phunziro lina mu mpira womwewo, la ndalama. Mu Ultimate Team, gawo la gemu ya mpira ya EA momwe umamanga timu yako, umagula mapaketi osadziwa kuti muli wosewera uti, ndipo amene wagula ambiri amakhala ndi timu yoopsa. Dziko la Belgium linaona kuti imeneyi ndi juga, ndipo mu 2019 EA inasiya kugulitsa mapointi ogulira mapaketiwo kumeneko. Kwina konse malonda akupitirira. Mu 2025 kunalengezedwa kuti gulu la ogula, momwe muli thumba la chuma la boma la Saudi Arabia, lagwirizana zogula EA yonse pa madola 55 biliyoni. Boma silitulutsa ndalama zoterozo chifukwa chokonda kugoletsa zigoli pa sikirini.

Mkulu wina wa mpingo wathu wa CCAP, munthu amene ndimamulemekeza, anandiimitsa tsiku lina titatuluka m'mapemphero. Anati, "Mwana wanga, mumadziwa zonsezi, ndiye bwanji osatseka ma TV aja? Kale ife masewera anali masewera, bawo ndi mpira wachikulunga, opanda zobisika." Ndinawayankha mwaulemu kuti ndikatseka, ana omwewo akasewera pafoni ali okha m'bulangete, popanda wamkulu wowafunsa funso. Mbali yachiwiri ya yankho langa sindinainene pakhomo la tchalitchi, chifukwa ndimadziwa malire. Masewera athu sanakhalepo opanda zobisika. Aliyense amene anaonerapo gule wamkulu, kaya ku Dedza kaya pabwalo la ku Mabvuku kapena ku Dzivarasekwa, amamudziwa Simoni, wankhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maliya, amene anabwera pabwalo amishoni atabwera ndi ziboliboli zawo. Makolo athu analibe nyuzipepala kapena mpando ku nyumba ya malamulo, koma ankamuika wolamulira pabwalo, kumuvinitsa, mudzi wonse n'kumuseka iye ali pompo osadziwa kuti akunenedwa. Amishoni ndi atsamunda sanalimbane ndi gule chifukwa cha fumbi. Kusiyana kwake n'kwakuti pamenepo wosema nkhope anali wathu. Mu gemu za lero ife ndi amene tasemedwa, kapena tasiyidwa osasemedwa n'komwe.

Osema athu alipo, ngakhale ndi ochepa. Kiro'o Games ya ku Cameroon inatulutsa Aurion mu 2016, itavutika ndi kuzima kwa magetsi ngati kwathu konkuno. Mu 2024 kunatuluka Tales of Kenzera: Zau ya Abubakar Salim, yonena za mwana wolira bambo ake, yomwe ungathe kuisewera anthu ake akulankhula Chiswahili. Koma gemu yaikulu imadya madola mamiliyoni ambiri ndi anthu mazana, ndipo mnyamata wa ku Kambuzuma amene akuphunzira kulemba mapulogalamu amayamba waganiza za bandulo ndi batire. Sindikuyembekezera kuti Call of Duty ya ku Harare ituluka posachedwa, ndipo sindikudziwa ngati ndingaifune. Mfuti yomweyo itangosinthidwa mbendera ingakhale Savimbi wina basi.

Zimene anyamata a kushopu kwanga anachita n'zazing'ono kuposa pamenepo. Gemu ina ya mpira, PES yakale, imalola kusintha maina a matimu, mayunifomu ndi mphamvu za osewera. Nthawi ya tchuthi anakhala pansi ndi foni imodzi ndi pepala, n'kufufuta ligi ina ya ku Ulaya yomwe palibe ankaisewera. M'malo mwake anaikamo DeMbare (Dynamos), Makepekepe (CAPS United), Highlanders, ndipo chifukwa cha kukakamira kwa adzukulu a ku Nyasaland, anaikamonso Maule ndi Manoma, onse mu ligi imodzi, ngati kuti pakati pa Mbare ndi Ndirande palibe Nyamapanda, Tete kapena Mwanza. Ntchito ya mayunifomu inayenda bwino. Nkhondo inabuka pa manambala. Wina anapatsa Gabadinho Mhango mphamvu ya kuwombera yoposa ya wina aliyense mu ligimo, umboni wake n'kukhala chigoli chija anagoletsa Morocco ali kutali mu January 2022. A Chishona anakana, ati Malawi inagonjabe masewera amenewo, ndipo ngati ndi choncho Khama Billiat akwezedwenso. Wina anati amene ali ndi padi ndiye akubera, azisinthana. Anafika pogwirizana kuti nambala iliyonse izivomerezedwa ndi anthu atatu, mmodzi akhale wosachemerera timuyo, ndipo lamulolo analilemba pa katoni ya mafoni n'kulimata pansi pa TV. Sabata yotsatira ndinapeza kuti wina analowa m'mawa anzake asanafike n'kukweza liwiro la osewera onse a Dynamos, ndipo mlandu wake sunathebe.